Mankhwala oteteza ukonde wa magazi pa opaleshoni ya mtima: amagwira bwanji ntchito, nanga mkangano uli pati?

Banja likauzidwa kuti mwana kapena kholo likufunika opaleshoni ya mtima, mitu imayamba yazungulira pa ndalama, pasipoti ndi woti akakhale gadiyani. Nkhani ya magazi imatulukira mochedwa, kawirikawiri pa tsiku losaina pepala lovomereza. Dokotala amafotokoza kuti wodwala adzapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Asanapume n'komwe amawonjezera kuti adzapatsidwanso ena ochepetsa kutaya magazi, monga tranexamic acid. Gadiyani amangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima funso lili phee: nanga ziwirizi sizikulimbana? Ndiye pakapezeka mphwake wodziwa kufufuza pa foni, amabwera ndi zina zoopsa, kuti mankhwala amtunduwu ena anachotsedwapo pamsika mu 2007, ena amakomola anthu ngati khunyu.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife a ku Salima ndi ku Nkhotakota. Matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino, amene amawononga mavavu a mtima (tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo) mwa ana ndi achinyamata, alipo ndithu m'midzi yathu. Ndi ana aja amabayitsa jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi. Mavavu akaonongeka kwambiri, chotsala ndi opaleshoni, ndipo kwa zaka zambiri odwala otere akhala akudutsa ku Kamuzu Central kapena ku Queens n'kutumizidwa kunja, makamaka ku India. Komanso, monga tione kutsogoloku, amodzi mwa mankhwala omwewa ndi amene amathamangira nawo anamwino a kumatenite mayi akamataya magazi atabereka.

Ukonde umene thupi limaluka

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Mukadzicheka ndi mpeni pokonza chambo, magaziwo satha onse chifukwa thupi limatseka lokha pabalapo, ndipo limatero m'magawo. Mtsempha wodukawo umayamba wafinyika. Kenaka tizidutswa ting'onoting'ono ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pamalopo n'kumamatirana. Chotsekera chimenechi n'chofooka, sichingapirire kuthamanga kwa magazi. Pamafunika chomangira, ndipo chomangiracho ndi ulusi wotchedwa fibrin. Ulusiwu umachokera ku chinthu chimene chiwindi chimapanga, chomwe chimangoyenda chosungunuka m'magazi kudikira tsiku la ngozi. Bala likachitika, chimasanduka timaulusi tolukanalukana pamwamba pa mapulateleti aja, ndipo maselo ofiira amakodwa m'menemo.

Amene anaonapo chilimira akukokedwa ku Senga Bay sangavutike kumvetsa. Usipa paokha ndi wobalalika, koma ukakodwa mu ukonde umasanduka mtolo umodzi wolemera. Magazi oundana ndi choncho: maselo ndiwo nsomba, fibrin ndiye ukonde. Ukonde ukang'ambika, mtolo wonse umamwazika.

Amene amabwera kudzadula ukondewo

Thupi likanangodziwa kuluka osadziwa kumasula, bwenzi mitsempha yathu itatsekeka kalekale. Choncho lili ndi wantchito wina, plasmin, amene ntchito yake ndi kudula fibrin bala likapola, kuti njira ya magazi itsegukenso. Nayenso amayenda m'magazi ali mtulo, pa dzina lakuti plasminogen, mpaka makoma a mitsempha atatulutsa chomudzutsa. Kusungunula magazi oundana kumeneku madokotala amakutcha fibrinolysis, ndipo mankhwala a nkhani yathu amatchedwa antifibrinolytic chifukwa amaletsa kusungunulako.

Madokotala a ku Ulaya anayamba kudabwa ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1700, ataona kuti magazi a anthu ena omwalira mwadzidzidzi sakhala oundana. Mu 1933 William Tillett, wa ku America, anapeza kuti tizilombo ta streptococcus timatulutsa chinthu chosungunula magazi oundana. Chinthucho, streptokinase, chinadzakhala mankhwala otsegula mitsempha ya mtima ikatsekeka. Mwa njira ina tingati dziko ndi lozungulira, pakuti tizilombo ta banja lomweli ndi timene timayambitsa zilonda zapakhosi zija zowononga mavavu.

Pali kanthu kamodzi koyenera kukagwira bwino, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo. Plasmin sadula ali chapatali. Amayenera kuyamba wagwira ukondewo, ndipo amaugwira pa timfundo tina ta ulusi totchedwa lysine. Akapanda pogwira, mpeni wake umakhala wopanda ntchito kwenikweni.

Chimene makina amachita ku magazi

Kuti dokotala asoke mkati mwa mtima, mtimawo uyenera kuima, ndipo ntchito yake ndi ya mapapo imatengedwa ndi makina. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'mapaipi, kukalandira mpweya m'makinamo, n'kupopedwa kubwerera. Woyamba kuchita opaleshoni yopambana ndi makina otere anali John Gibbon, ku Philadelphia, pa 6 May 1953, pamene anatseka bowo mumtima wa mtsikana wa zaka 18.

Vuto n'lakuti magazi sanalengedwe kuti aziyenda m'mapaipi a pulasitiki. Akangokhudza chinthu chachilendo amaona ngati ndi bala, n'kuyamba kuundana, ndipo akaundana m'makina wodwala sangapulumuke. N'chifukwa chake asanalumikize makina amapereka heparin wambiri. Amenewa ndiwo mankhwala oletsa kuundana aja dokotala anatchula poyamba. Opaleshoni ikatha mphamvu ya heparin amaithetsa ndi mankhwala ena, protamine, omwe chiyambi chake n'chodabwitsa kwa ife a kunyanja: amachokera ku umuna wa nsomba ya salmon. Musaganize za mpasa wa mu Bua, ngakhale alendo amakonda kuutcha salmon ya m'nyanja yathu. Imeneyo ndi nsomba ya mtundu wina.

Koma ngakhale heparin athetsedwe bwinobwino, magazi amatuluka m'makina atatopa. Asakanizidwa ndi madzi odzazira mapaipi, choncho zopangira ulusi zasukuluka. Mapulateleti apunthidwa ndi pampu, ena atsala m'mapaipi. Thupi laziziritsidwa dala kuti ziwalo zisafune mpweya wambiri, ndipo magazi ozizira amaundana mwaulesi. Pamwamba pa zonsezi, makoma a mitsempha, posokonezeka ndi chipwirikiti chonsechi, amatulutsa chodzutsa plasmin chochuluka zedi. Ndiye taonani mmene zinthu zilili: fupa la pachifuwa lachekedwa pakati, pali misoko pamtima ndi pamitsempha ikuluikulu, oluka ukonde achepa ndipo atopa, pamene odula achuluka ndipo ali ndi changu. Zili ngati asodzi akusoka ukonde pagombe dzuwa likulowa, kumbuyo kwawo makoswe ali kalikiliki kuteketa pomwe asoka kale.

Zotsatira zake zimaonekera m'mapaipi amene amasiyidwa pachifuwa kuti magazi otsalira azitulukiramo. Namwino amayeza ola ndi ola. Akachuluka, wodwala amathiridwa magazi. Akapitirira, kapena akadzadza m'kathumba kokuta mtima n'kuyamba kuufinya, palibe kuchitira mwina koma kubwerera naye kufiyeta kukatsegulanso chifuwa, ndipo opaleshoni yachiwiri yotere imawonjezera chiopsezo.

Apa funso la gadiyani lija layankhika. Heparin amaletsa kuluka pa nthawi imene magazi ali m'makina. Mankhwala enawa saluka chilichonse, amangogwira dzanja la wodula. Ntchito zawo zili pa malo awiri osiyana, n'chifukwa chake amatha kuperekedwa pa opaleshoni imodzi.

Banja la Okamoto ndi mbedza yotsekedwa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Japan kunali umphawi, ndipo amayi ambiri ankamwalira ndi kutaya magazi pobereka. Madokotala awiri ofufuza, Shosuke Okamoto ndi mkazi wake Utako, anaganiza zofunafuna mankhwala oletsa plasmin. Akuti anasankha kufufuza za magazi mwa zina chifukwa zipangizo zinali zosowa, pamene magazi akanatha kudzitenga okha m'mitsempha yawo. M'zaka za m'ma 1950 anapeza mankhwala oyamba, aminocaproic acid, ndipo mu 1962 analengeza ena amphamvu kuposa amenewo pafupifupi kakhumi, tranexamic acid.

Nzeru yake ndi yosavuta kuimva. Mankhwala awiriwa maonekedwe ake amafanana kwambiri ndi lysine, timfundo tija plasmin amagwirapo. Akalowa m'magazi amakakhala m'manja mwa plasminogen, ndipo iye akafika pa ukonde amapeza manja ali odzaza kale. Msodzi akafuna kunyamula mbedza m'thumba amabaya nsonga yake pa kachidutswa ka chinangwa kapena ka nkhata kuti isakole malaya. Mbedzayo ikadali yakuthwa, koma singakole kanthu. Tranexamic acid ndi kachidutswa kameneko.

Pa opaleshoni ya mtima amaperekedwa kudzera mumtsempha, kuyambira wodwala atangogonetsedwa, asanachekedwe, ndipo madokotala ambiri amapitiriza pang'onopang'ono m'diripi mpaka kumapeto. Sakhalitsa m'thupi. Impso zimawatulutsa mu mkodzo, ndipo pakangotha maola awiri kapena atatu theka lake limakhala lapita. Aminocaproic acid amagwiritsidwabe ntchito, makamaka ku America, koma m'maiko ambiri amene mungakumane nawo ndi tranexamic acid. Ndi otchipa, ndipo bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2011.

Utako Okamoto sanathe kukopa madokotala a azimayi a kwawo kuti ayese mankhwalawa pa amayi obereka, omwe ndi amene iye ankawaganizira poyamba. Kwa zaka zambiri ankangogwira ntchito pa msambo wochuluka, pozula mano ndi pa maopaleshoni. Mayiyu anamwalira mu April 2016 ali ndi zaka 98, kutatsala chaka chimodzi kuti zotsatira za kafukufuku wamkulu wa amayi obereka zituluke.

Aprotinin: kukwera, kugwa ndi kubwereranso

Mankhwala achitatu ndiwo ali ndi mbiri ya phokoso. Aprotinin amatengedwa m'mapapo a ng'ombe, ndipo kagwiridwe kake n'kosiyana: satseka manja a plasmin, amaphimba mpeni weniweniwo, komanso amaletsa antchito ena angapo a m'magazi. Kampani ya Bayer inkawagulitsa pa dzina lakuti Trasylol, poyamba ngati mankhwala a kutupa kwa kapamba wothandiza kugaya chakudya (pancreas). Mu 1987 David Royston ndi anzake pa chipatala cha Hammersmith ku London, akuyesa ngati mlingo waukulu ungateteze mapapo pa nthawi ya makina, anadabwa kuona kuti pabala pali pouma modabwitsa. Odwala obwereza opaleshoni ya mtima, amene nthawi zonse amataya magazi ochuluka, ankafuna magazi ochepa kwambiri. Mbiri inawanda, ndipo mu 1993 America inavomereza mankhwalawa pa opaleshoni ya mitsempha ya mtima. Anali odula kutalitali poyerekeza ndi enawo, koma zipatala zinkagula.

Mu 2006 kafukufuku wotsogozedwa ndi Dennis Mangano, woyang'ana zimene zinachitikira odwala masauzande angapo m'maiko osiyanasiyana, anasonyeza kuti olandira aprotinin ankavutika impso kuposa anzawo. Oikira kumbuyo mankhwalawa anayankha kuti n'zosadabwitsa, popeza madokotala ankapereka aprotinin kwa odwala ovutikitsitsa kale. Mfundoyi inali yomveka. Mukapeza kuti anthu okwera ambulansi amamwalira kwambiri kuposa okwera minibasi, simungathamangire kunena kuti ambulansi ndi imene ikupha.

Njira yothetsera mkangano wotere ndi kugawa odwala mwamaere, kuti magulu afanane pa zonse kupatula mankhwala okhawo. Ku Canada kafukufuku wotere, wotchedwa BART, anali kale mkati, kuyerekeza mankhwala atatu onsewa mwa odwala a maopaleshoni ovuta. Anaimitsidwa mu October 2007 asanathe, atafika pa odwala opitirira 2,300. Aprotinin anachepetsako pang'ono kutaya magazi koopsa, koma mwa odwala 100 alionse, 6 anamwalira pasanathe masiku 30, pamene pa mankhwala ena awiriwo anali pafupifupi 4. Mwezi wotsatira Bayer inaimitsa malonda a Trasylol.

Nkhani sinathere pomwepo. Akatswiri a boma la Canada ndi a ku Ulaya ataunikanso BART anapezamo zofooka, monga odwala ena amene anachotsedwa pa chiwerengero komanso kusiyana kwa mmene heparin ankaperekedwera. Canada inalola aprotinin kubwerera mu 2011, ndipo bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linachita chimodzimodzi mu 2012, koma kwa odwala osankhidwa okha. Mpaka lero madokotala a mtima sagwirizana. Ena amati mankhwala abwino anaweruzidwa mopupuluma, ena amati palibe chifukwa choikira moyo pachiswe pamene pali ena otchipa ogwira ntchito bwino.

Zimene manambala akunena za tranexamic acid

Aprotinin atachoka, zipatala zambiri zinatembenukira kwa tranexamic acid, ndipo mantha oyamba anali odziwikiratu. Ngati mukuletsa thupi kusungunula magazi oundana, kodi simutseka mitsempha imene dokotala wangoilumikiza kumene? Kodi simubweretsa sitiroko?

Yankho lalikulu linachokera ku kafukufuku wa ATACAS, wotsogozedwa ndi Paul Myles wa ku Melbourne, ku Australia, amene anasindikizidwa mu 2017. Odwala opitirira 4,600 a opaleshoni ya mitsempha ya mtima anagawidwa mwamaere, theka kulandira mankhwala, theka madzi amchere chabe. Pa imfa ndi mavuto a kutsekeka kwa mitsempha, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni: pafupifupi 17 mwa 100 kwa olandira mankhwala, 18 mwa 100 kwa enawo. Koma pa magazi kusiyana kunali kwakukulu. Gulu la mankhwala linathiridwa matumba 4,331 a magazi ndi zigawo zake, pamene gulu linalo linathiridwa 7,994. Obwerera kufiyeta chifukwa cha kutaya magazi anali 14 mwa 1,000 kumbali ya mankhwala, 28 mwa 1,000 kumbali inayo.

Kuipa kwake kunaonekera pena. Odwala 7 mwa 1,000 olandira mankhwala anakomoka mogwedezeka thupi ngati khunyu atachoka kufiyeta, pamene gulu linalo anali mmodzi yekha mwa 1,000. Chifukwa chake chikudziwika. Ubongo uli ndi mabuleki ake, timauthenga toletsa minyewa kuthamanga mopitirira, ndipo tranexamic acid akachuluka amakakhala pamalo pomwe timauthengati timafikira. Wakabaza wotsetsereka mabuleki atamasuka amadziwa chimene chimatsatira. Chiopsezochi chimakula mlingo ukakhala waukulu, impso zikakhala zofooka moti mankhwala akuchedwa kutuluka, komanso pa maopaleshoni otsegula zipinda za mtima, monga osintha mavavu. Mfundo yomalizayi ndi yotikhudza, pakuti odwala ambiri ochokera kwathu kuno amapitira mavavu. Ochita kafukufuku wa ATACAS eniakewo anadula mlingo pakati ntchito ili mkati, kuchoka pa mamiligalamu 100 kufika pa 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, chifukwa cha nkhawa yomweyi. Kukomoka kotere kawirikawiri kumachitika m'maola oyambirira, wodwala akadali m'chipinda cha odwala mwakayakaya momwe madokotala ali pafupi, ndipo sikutanthauza kuti munthuyo watenga matenda a khunyu a moyo wonse.

Ndiye mlingo woyenera ndi uti? Ku China, kafukufuku wa OPTIMAL wa mu 2022 anayerekeza mlingo waukulu ndi waung'ono mwa odwala opitirira 3,000. Pa mlingo waukulu, pafupifupi 22 mwa 100 anathiridwa maselo ofiira. Pa waung'ono, 26 mwa 100. Phindu lilipo, koma si lalikulu, ndipo chipatala chilichonse chimayeza chokha ngati likuposa nkhawa ya kukomoka. Ena anayesa nzeru ina, kuthira mankhwalawo pachifuwa penipeni asanatseke m'malo mwa mumtsempha, kuti asafike ku ubongo. Kafukufuku wa ku Canada wotchedwa DEPOSITION anaimitsidwa msanga ataona kuti odwala othiridwa pachifuwawo akufuna magazi ambiri kuposa anzawo.

Chifukwa chiyani kulimbana n'kupulumutsa thumba la magazi?

Wina angafunse kuti ngati magazi atayika, bwanji osangothira ena? Kuthira magazi kwapulumutsa anthu osawerengeka chiyambire pamene Karl Landsteiner anatulukira magulu a magazi mu 1901, ndipo pamene akufunika palibe cholowa m'malo mwake. Komabe magazi a munthu wina ndi mlendo m'thupi. Nthawi zina thupi limawakana, nthawi zina amadzadza mapapo kapena kulemetsa mtima umene wangosokedwa kumene. Amayezedwa HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko, koma kuyezako ndi ndalama, kusunga m'firiji ndi ndalama, kunyamula ndi ndalama.

Kwathu kuno chifukwa chachikulu ndi chosavuta: magazi ndi osowa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, choncho sukulu zikatsekera nkhokwe imatsika. Nyengo ya mvula, malungo akavuta m'mbali mwa nyanja muno, ana otha magazi amachuluka m'mawodi. Painti imodzi imene munthu amapereka ndi pafupifupi mamililita 450, maselo ofiira sasungika kupitirira milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mapulateleti amangokhala masiku asanu. Aliyense amene anagonapo pakhonde la chipatala akuimbira abale a ku Chipoka kapena ku Dwangwa kuti abwere adzapereke magazi akudziwa kulemera kwa thumba limodzi. Opaleshoni imodzi ya mtima yovuta ingathe kumeza matumba amene akanathandiza ana angapo. Dziko lililonse lofuna kumachita maopaleshoni otere pakhomo liyenera kuwerengera zimenezi lisanagule n'komwe makina.

Palinso anthu amene chikhulupiriro chawo sichilola kuthiridwa magazi, monga a Mboni za Yehova. Kwa iwo dontho lililonse losungika ndi lamtengo wapatali, ndipo tranexamic acid, popeza amapangidwa mufakitale osati kuchokera ku magazi, ndi gawo la chikonzero cha madokotala awo. Amene ali ndi mafunso a chipembedzo pa mankhwala ochokera ku nyama ali ndi ufulu wofunsa poyera: aprotinin ndi wa ng'ombe, ndipo heparin wambiri padziko lapansi amachokera ku matumbo a nkhumba. Ndi nkhani yokambirana ndi dokotala komanso atsogoleri a chipembedzo nthawi ikadalipo, osati m'mawa wa opaleshoni.

Tisaiwale kuti mankhwalawa sagwira okha. Madokotala amayesetsa kukweza magazi a wodwala asanapite kufiyeta, amamuuza tsiku losiyira warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, amagwiritsa ntchito makina otola magazi otayika pabala n'kuwatsuka kuti abwezedwe, ndipo masiku ano sathamangira kuthira magazi akangotsika pang'ono. Ndipo ngati pali mtsempha umene msoko wake wamasuka, palibe jakisoni amene angautseke. Pamenepo pamafunika singano ndi ulusi.

Kabotolo komweko kumatenite

Amene sadzaonako chipinda cha opaleshoni ya mtima angakumanebe ndi tranexamic acid. Mu 2010 kafukufuku wa CRASH-2, wa anthu ovulala pangozi opitirira 20,000 m'maiko 40, anasonyeza kuti imfa zinatsika kuchoka pa 16 kufika pa 14.5 mwa 100, ndipo pounikanso anapeza kuti phindu lili m'maola atatu oyamba okha. Mu 2017 kafukufuku wa WOMAN, wa amayi opitirira 20,000 otaya magazi atabereka m'maiko 21, ambiri a mu Africa ndi Asia, anapeza kuti olandira mankhwalawa pasanathe maola atatu, imfa za kutaya magazi zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chaka chomwecho WHO inalangiza kuti aziperekedwa kwa amayi otere. Maola atatu amamveka ambiri, koma kwa mayi wochirira kutali ndi msewu wa tala nyengo ya dzinja, ndi ochepa.

Asakuuzeni kuti ndi mankhwala a kutaya magazi kulikonse. Atawayesa pa anthu otaya magazi m'mimba ndi m'matumbo, pa kafukufuku wa HALT-IT wa mu 2020, sanapulumutse miyoyo, ndipo magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo ndi m'mapapo anachulukirako. Palinso ngozi ina imene WHO inachenjeza mu 2022: kabotolo kake kamafanana ndi ka mankhwala ochititsa dzanzi obaya pamsana, ndipo m'maiko angapo anthu amwalira chifukwa chosinthanitsa mabotolo awiriwa.

Mafunso amene akadali pabwalo

Kuti tranexamic acid amachepetsa kutaya magazi pa opaleshoni ya mtima, pamenepo madokotala ambiri akugwirizana, ndipo malangizo a mabungwe awo ku Ulaya ndi ku America amati aziperekedwa pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chosawaperekera. Mkangano watsala pa zing'onozing'ono, zimene kwa wodwala mmodzi sizikhala zazing'ono. Mlingo wotsikitsitsa umene ungateteze ukonde osakhudza ubongo sunakhazikike, ndipo zipatala ziwiri za mumzinda umodzi zingathe kupereka milingo yosiyana kwambiri. Kwa munthu wa impso zofooka aliyense amavomereza kuti mlingo utsike, koma utsike motani? Nanga amene anagwapo khunyu kale, kapena amene anadwalapo sitiroko posachedwa, apatsidwe pang'ono kapena asapatsidwe n'komwe?

Funso la aprotinin nalo lili chiimire. Kodi pali gulu la odwala, monga obwereza opaleshoni kachitatu kapena makanda obadwa ndi mtima wopunduka, amene mphamvu yake ingapose chiopsezo chake?

Ndipo pali funso lathu lenileni. Kafukufuku wamkulu wa opaleshoni ya mtima wachitikira kwambiri anthu achikulire a ku Australia, Canada, Ulaya ndi China, ambiri a iwo odwala mitsempha yotsekeka ndi mafuta. Wodwala wochokera ku Lifuwu kapena ku Chia amakhala wina: mtsikana wa zaka 15 kapena 20, wochepa thupi, wa magazi otsika kale chifukwa cha malungo, likodzo kapena zakudya zoperewera, wofuna vavu yatsopano, mwinanso ziwiri. Kodi mlingo woyezedwa pa bambo wa zaka 65 wa ku Melbourne ndi womuyenera iyeyu? Nanga ngati ali ndi siko selo, matenda amene paokha amatseka timitsempha, muyezo wa phindu ndi chiopsezo umapendekera kuti?